Chimene Chikupha Nyale za LED M'matchalitchi Mwathu

Chaka china, Khirisimasi itayandikira, ndidapita kukapereka Nsembe ya Misa ku nthambi ina ya m'mbali mwa nyanja kumene mawaya a magetsi sadafike. Akhristu a kumeneko adali atasonkha ndalama m'miphakati yawo, ena atagulitsa mpunga, ena usipa, nagula sola, batire, mababu anayi a LED oika m'tchalitchi ndi chingwe cha tinyale chozunguliza pa khola la Mwana Yesu. Usiku umenewo mphunzitsi wa mpingo adawerenga Mau a Mulungu popanda womugwirira tochi, ndipo azimayi adalulutira. Nditabwererako nyengo ya Lenti, ndidapeza mababu awiri atazimiratu, lachitatu likuphethira ngati chiphaniphani, chingwe cha pakhola chija chitada pena ndi pena. Wapampando wa tchalitchicho adandifunsa mwaulemu koma mtima ukumupweteka: "Bambo, kodi adatigulitsa zabodza, kapena pali chimene ife tidalakwitsa? Pa bokosi paja padalembedwa kuti nyalezi zimakhala zaka."

Funso limeneli ndalimva m'malo ambiri a Dayosizi yathu ya Karonga, ku Chitipa, ku Chilumba ngakhale m'tauni momwe muno. Ine sindine mmisiri wa magetsi, koma ndidachita khama kufunsa ndi kuwerenga, popeza ndalama zimene zikupserezi ndi chopereka cha anthu osauka. Yankho lake lagona pa kachipangizo kamene ambiri a ife sitidakaonepo, kobisika m'kati mwa babu kapena m'kabokosi ka pambali pake. Amisiri amakatcha driver. Ntchito yake ndi kuyeza magetsi olowa m'tinyale ta LED kuti asapitirire mlingo.

Tiyambe ndi mau awiri amene amasokoneza anthu. Ku mtsinje wa Wovwe, kumene makina opangira magetsi adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1995, madzi amatsika kuchokera ku mapiri a Nyika. Pali kutalika kwa pamene madziwo akugwera, kumene kumawapatsa mphamvu yokankha, ndipo pali kuchuluka kwa madzi amene akudutsa m'paipi. Pa magetsi, mphamvu yokankhayo imayezedwa ndi ma volt, pamene kuchuluka kwa magetsi odutsa m'waya kumayezedwa ndi ma ampere. Ampere imodzi ili ndi ma milliampere 1,000. Tikachulukitsa ma volt ndi ma ampere timapeza ma watt, amene amalembedwa pa bokosi la babu.

Babu lakale lija, la kawaya kofiira m'kati mwa galasi, lidali ndi khalidwe lodziletsa. Kawayako kakatentha kamayamba kukana magetsi, kotero kuti ma volt akakwera pang'ono, magetsi odutsamo sakwera kwambiri. LED ilibe kawaya. Ndi kachidutswa ka mwala wopangidwa ku fakitale, kamene kamalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, ndipo akamadutsa kamatulutsa kuwala. LED yoyamba yowala mofiira idapangidwa m'chaka cha 1962 ndi Nick Holonyak ku America. Yoyera idachedwa chifukwa idadikira kaye ya mtundu wa buluu, imene akatswiri atatu ochokera ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, adaivutikira zaka zambiri, mpaka adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2014. LED yoyera imene tikugula lero ndi ya buluu yomweyo, yokutidwa ndi mankhwala achikasu amene amasandutsa kuwalako. N'chifukwa chake mukayang'ana m'kati mwa babu lozima mumaona timadontho tachikasu.

Tsono khalidwe la kamwala kameneka ndi lachilendo. LED yoyera ikapatsidwa ma volt awiri, siwala konse. Ikafika pafupi ndi ma volt atatu imatseguka, ndipo kuyambira pamenepo ilibenso malire. Kungowonjezera gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi a volt imodzi, magetsi odutsamo atha kuwirikiza kawiri. Ili ngati mwana wa mbuzi amene wapeza nkhokwe yotsegula: adzadya mpaka kutupidwa, osadziwa kuleka. Choipa china n'chakuti LED ikatentha, ma volt amene imafuna kuti itseguke amatsika pang'ono, pafupifupi magawo awiri mwa magawo 1,000 a volt pa digiri iliyonse. Kutanthauza kuti ikatentha imamwa magetsi ochuluka, ikamwa ochuluka imatentha koposa, ndipo zimapitirira choncho mpaka imapsa. Aliyense amene adakhalapo pansi pa malata a tchalitchi ku Karonga mwezi wa Okotobala kapena Novembala, masana dzuwa lili paliwombo, akudziwa kuti kuno nyale imayamba ntchito yake ili yotentha kale.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. LED siifuna kupatsidwa ma volt okhazikika n'kuisiya idzitengere yokha magetsi. Imafuna woiyezera. Tinyale ting'onoting'ono ta m'zingwe nthawi zambiri timayenera ma milliampere 20, pamene LED yokulirapo ya watt imodzi imayenera ma milliampere 350. Alimi a mpunga a ku sikimu ya Hara, Wovwe kapena Lufilya amvetsa msanga. Madzi a mu ngalande yaikulu amakwera ndi kutsika malinga ndi nyengo, koma pa chipata cholowera m'munda pamafunika woyang'anira, wotsekula kapena kutseka kuti madzi olowa akhale okwanira mbeu. Driver ndiye woyang'anira chipatayo.

Njira yapafupi ndi yotsika mtengo kuposa zonse ndi kuika kachipangizo kokana magetsi, kotchedwa resistor, mu mzere umodzi ndi tinyaleto. Chingwe cha pakhola chija chidapangidwa motero. Mukachiyang'anitsitsa mudzaona kuti chili m'magawo, gawo lililonse tinyale titatu ndi kanthu kakuda kamodzi. Tinyale titatu timatenga ma volt 9. Pa ma volt 12 pamatsala atatu, ndipo resistor ya ma ohm 150 imalola ma milliampere 20 enieni kudutsa. Masamu ake ndi kugawa ma volt otsalawo ndi ma ohm. Zonse zili bwino malinga ma volt akhaledi 12.

Koma batire limene timalitcha la ma volt 12 silikhala pa 12. Likadzaza limakhala pa 12.6 kapena 12.7, likamatha limatsika kufika pansi pa 12, ndipo pamene sola ikulidzaza masana limakwera mpaka 14.4. Bwerezani masamu aja pa 14.4. Otsala tsopano ndi ma volt 5.4, ndipo magetsi odutsa m'tinyale apitirira ma milliampere 30. Batire langokwera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, koma tinyale tikumwa kuposa mlingo wake ndi theka. Nanga kumene ndidapita kuja? Kudalibe controller, kabokosi kokhala pakati pa sola ndi batire. Sola idalumikizidwa mwachindunji, ndipo tsiku lina wina atatenga batire kukagwiritsa ntchito ku maliro, chingwe chidatsala cholumikizidwa ku sola yokha. Sola yolembedwa 12 ikakhala padzuwa popanda batire imatulutsa ma volt 18 mpaka 22. Tinyale tidamwa katatu kuposa mlingo wake. Wogulitsa sadanene bodza lenileni, adangosiya kunena zimene ogula sadafunse. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Njira yachiwiri ndi kachipangizo kamene kamadziyang'anira kokha. Amisiri okonza mawailesi amadziwa kachipangizo ka miyendo itatu kotchedwa LM317. Khalidwe lake ndi lakuti kamasunga ma volt 1.25 pakati pa miyendo yake iwiri zivute zitani. Mukaika resistor pakati pa miyendo imeneyo, magetsi odutsa amakhala 1.25 kugawa ndi ma ohm a resistor imeneyo, ndipo sasintha ngakhale batire likwere. Pofuna ma milliampere 350 muika ya ma ohm 3.6. Pofuna 20 muika ya ma ohm 62. Mnyamata wa Fomu 4 amene adamvetsera phunziro la sayansi atha kulumikiza zimenezi pa tebulo.

Njirayi ili ndi mtengo wake. Ma volt otsala sapita kwina, amasanduka kutentha. Titenge ma LED atatu a watt imodzi imodzi, amene pamodzi amatenga ma volt 9.6. Batire likakhala pa 14.4, otsala 4.8 kuchulukitsa ndi ma ampere 0.35 ndi ma watt 1.7 ongotenthetsa chitsulo. Gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya batire likutayika, ndipo LM317 iyenera kumangiriridwa ku kachitsulo ka aluminiyamu kuti isapse. Komanso kachipangizoka kamafuna ma volt oposa atatu akeake kuti kagwire ntchito, ndiye batire likatsika usiku nyale zitatuzo zimayamba kuchepa kuwala. Kuchepa kumeneku sikuwononga kanthu. Wina angati tiike ma LED awiri okha kuti asachepe kuwala, koma pamenepo mphamvu yotayika imafanana kapena kuposa imene ikuwala. Kwa nyale imodzi ya m'chipinda chovalira ansembe, njirayi ndi yokwanira. Kwa tchalitchi chonse chodalira batire limodzi, ndi kumwaza chuma.

Njira yachitatu ndiyo imene ili m'mababu abwino, ndipo ndi yanzeru ndithu. M'malo motsekereza magetsi otsala n'kuwasandutsa kutentha, driver ya mtundu uwu imatsekula ndi kutseka magetsi mofulumira zedi, kambirimbiri pa sekondi imodzi, kufika zikwi mazana. Ili ndi kawaya kokulungidwa ngati nkhata, kotchedwa inductor, kamene kamasunga mphamvu pamene chipata chatsekuka n'kuitulutsa pamene chatsekeka, kotero kuti ma LED amalandira magetsi osadukiza. Mu mzere womwewo muli resistor yaing'ono kwambiri imene ntchito yake ndi kuuza ubongo wa driver kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa. Akachuluka, chipata chimatsekeka msanga. Akachepa, chimakhalitsa chotsekula. Taganizani mayi wodzaza mtsuko pa mjigo. Sathira madzi ena pansi kuti mtsuko usasefukire, amangopopa ndi kuleka. Kachipangizo kena kofala m'mababu a ma volt 12, kotchedwa PT4115, kamalandira ma volt kuyambira 6 mpaka 30, ndipo ndi resistor ya ma ohm 0.3 kamapereka pafupifupi ma milliampere 330, batire likwere kapena litsike. Mwa magawo khumi a mphamvu yochokera ku batire, pafupifupi asanu ndi anayi amafika ku nyale. Ilipo mitundu yotsitsa ma volt, ndipo ilipo yokweza, imene imatha kuyatsa mzere wa ma LED khumi kuchokera ku batire la 12.

Chilema chake chimodzi ndidachimva ndi makutu anga. Kutsekula ndi kutseka kofulumirako kumatulutsa phokoso la magetsi, ndipo driver yosapangidwa bwino imalowetsa kulira m'zokuzira mau kapena kusokoneza wailesi. Ngati chimkuzamau cha m'tchalitchi chayamba kulira nthawi imene mwayatsa nyale, kapena Tuntufye FM yayamba kumveka mwa phokoso, musathamangire kunena woimba kwaya. Talikitsani waya wa maikolofoni ndi waya wa nyale, ndipo zimitsani mababu limodzi limodzi mpaka mupeze lolakwa.

Pali nkhani inanso imene amisiri ambiri a m'midzi amaiphonya, ya kalumikizidwe ka tinyale tambiri. Tikalumikizidwa mondondozana, ngati mikanda ya kolona, magetsi amene adutsa m'kamodzi ndi omwewo adutse m'tonse. Driver imodzi imayeza onse nthawi imodzi, ndipo ma volt amangophatikizana: tinyale khumi, ma volt 30. Koma mizere ingapo ikalumikizidwa mbali ndi mbali pa driver imodzi, zinthu zimavuta, chifukwa palibe ma LED awiri ofanana ndendende ngakhale achokere m'bokosi limodzi. Mzere umene umatseguka msanga umatenga magetsi ambiri, umatentha, n'kutenganso ambiri. Titi pali mizere itatu pa driver ya ma milliampere 900, uliwonse uyenera kulandira 300. Umodzi ukaduka, driver siidziwa, imapitiriza kukankha 900, ndipo iwiri yotsalayo imalandira 450 uliwonse. Wachiwiri ukafa, wotsalawo umasenza 900 yonse. Ndicho chifukwa chake nyale yaikulu ya panja imayamba ndi kadontho kamodzi kakuda, sabata yotsatira theka lazima, kenako yonse. Mmisiri wodziwa ntchito amapatsa mzere uliwonse choyezera chake, ngakhale ka resistor kochepa chabe kogawanitsa katundu.

Pogula driver yapayokha, werengani zolembedwa pamwamba pake. Ikalembedwa kuti 300mA, 24–36V, ndiye kuti ndi yoyeza magetsi. Idzapereka ma milliampere 300, ndipo ma volt adzadzisankha okha pakati pa 24 ndi 36 malinga ndi kutalika kwa mzere, kutanthauza ma LED kuyambira asanu ndi atatu kufika khumi ndi limodzi kapena khumi ndi awiri. Ikalembedwa kuti 12V, 2A, imeneyo ndi yosunga ma volt chabe, yoyenera zingwe zimene zili kale ndi ma resistor ake. Kusinthanitsa ziwirizi kutha kupha nyale kapena kuilepheretsa kuyaka.

Akhristu a m'maparishi amene ali ndi magetsi a ESCOM asaganize kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Magetsi a m'nyumba ndi a ma volt 230, ndipo babu lililonse la LED lili ndi driver m'khosi mwake. M'mababu otsika mtengo kwambiri mumangokhala capacitor imodzi yochepetsa magetsi, yopanda choyezera chilichonse. Magetsi akakwera, ma LED amamwa ochuluka. Akabwera mwadzidzidzi atazima, babu limalandira nkhonya yonse. Kunja mababu onse ndi oyera mofanana, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Katundu wambiri wa mtundu uwu amalowa pa chipata cha Songwe, wabwino ndi woipa m'katoni imodzi, ndipo dziko limene wachokera silikuuzani kanthu. Chizindikiro chothandiza ndi cholembedwa pa babu. Likalembedwa kuti limalandira ma volt kuyambira 100 mpaka 240, kapena 85 mpaka 265, muli driver yeniyeni. La batire likalembedwa 12 mpaka 24, kapena 10 mpaka 30, chimodzimodzi. Lolembedwa nambala imodzi yokha likayikireni. Njira ina ndi kuloza kamera ya foni pa babu loyaka: mukaona mizere yakuda ikuyenda pa chithunzi, babulo likuphethira ka 100 pa sekondi, ndipo opanga ake adaumira zipangizo.

Ngakhale m'babu labwino, chimene chimayamba kufa kawirikawiri si LED koma capacitor ya madzi m'kati, imene imauma ndi kutentha. Amisiri ali ndi lamulo lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa capacitor yotere umadulidwa pakati. Tsono babu lopachikidwa chala chimodzi pansi pa lata, kapena lotsekeredwa m'galasi lopanda mpweya, silingafike maola amene alembedwa pa bokosi. Litsitseni ndi waya kuti mphepo izidutsa. Ndipo pamene pali mwayi wosankha, mababu awiri a ma watt 5 amakhalitsa kuposa limodzi la ma watt 10 la msinkhu womwewo, chifukwa LED yoyendetsedwa pansi pa mlingo wake imazizira komanso imawala bwino pa watt iliyonse.

Asodzi athu adaphunzira zimenezi ndi thumba lawo. Zaka zapitazo siginala ankapita pa nyanja ndi nyale za parafini zopopa kukaitana usipa. Lero mabwato ambiri a ku Ngara, Kambwe ndi madoko ena amanyamula mababu a LED ndi batire. Funsani msodzi aliyense wa mu mphakati wanu, adzakuuzani mababu amene amapirira ndi amene amafa mwezi usanathe. Komiti ya tchalitchi isanagule, ingachite bwino kumufunsa.

Mau awiri a chenjezo. Zoyesayesa zonse zimene ndafotokoza, za LM317 ndi zina, ndi za magetsi a batire okha. Babu kapena driver ya magetsi a 230 musaitsekule, chifukwa capacitor yake imasunga magetsi otha kuvulaza munthu ngakhale mutazimitsa. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wovomerezeka. Ndiponso batire, ngakhale siligwira munthu, lili ndi mphamvu yofiiritsa waya ndi kuyatsa denga mawaya awiri akakhudzana. Fyuzi iikidwe pafupi ndi batire penipeni, ndipo ikapsa isalowedwe m'malo ndi waya wamba kapena pepala la siliva la m'paketi ya fodya.

Akatekisiti ena andifunsa ngati nyale ya LED ingalowe m'malo mwa makandulo. Kuunikira tchalitchi ndi nkhani ina, zizindikiro za chipembedzo ndi nkhani inanso. Makandulo a pa guwa ndi kandulo ya Pasaka akhale makandulo enieni. Lamulo la Mpingo nambala 940 limafuna kuti pafupi ndi tabernakulo pakhale nyale yoyaka kosalekeza, ndipo malangizo a Misa amatchula mafuta kapena phula. Kumene kuli kovuta, Bambo Mfumu ndiwo afunsidwe, komiti isagamule yokha.

Ku nthambi ija tidachita zinthu zinayi. Tidagula controller, tidaika fyuzi, tidamanga batire m'bokosi la loko kuti lisamayendenso m'maliro ndi m'maukwati, ndipo tidagula mababu olembedwa 12 mpaka 24, awiri okha poyamba chifukwa ndalama zidali zochepa. Chingwe cha pakhola tidachidula pa timizere todulira, tidataya magawo akuda, otsalawo tidawalumikiza kudzera pa kabokosi kosunga ma volt 12, ndipo chimayatsidwa usiku wokha. Msungichuma adatenga cholembera chosafufutika nalemba pa khosi la babu lililonse tsiku limene lapachikidwa, ndipo malisiti adawamata m'buku la tchalitchi.